Odi Wodzera pa Waya

Pa esiteti ya tiyi pomwe ndinkagwira ukalaliki, Lachisanu lililonse ndinkakwera lole kukasiya disiketi ku ofesi yaikulu ku Limbe. M'disiketimo munkakhala makilo a masamba othyoledwa sabata imeneyo. Wolandira anali mtsikana wina wa kwa Khwethemule, wotaipa mwaliwiro moti kiyibodi yake inkafuka utsi. Ndinauona ndi maso angawa. Mawu ndinali nawo, koma sabata iliyonse ndinkabwerera nawo ku Thyolo osawatula.

Modemu yolumikiza makompyuta pa waya wa foni itafika, abwana anandifunsa ngati ndingalembe kapulogalamu kolowera m'kompyuta ya ku Limbe tili konkuno. Ndinavomera msanga, poti kutamidwa ndinkakukonda kuposa kuganiza.

Ntchito yake inali yochepa: kuimba foni, kudikira kuti ya ku Limbe ifunse dzina, kupereka dzinalo ndi mawu achinsinsi, kenaka kutumiza zomwe ndataipa ndi kundionetsa zomwe ayankha. Kunena zoona, ndi odi basi. Chinandivuta n'kudikira. Poyamba sindinakauze nthawi yolekera, ndiye mvula ikasokoneza waya, kankangoima pakhomo pa eni mpaka kalekale. Tsiku lina tinakasiya kakudikira poweruka, Lolemba tinapeza kompyuta itaonda. Mboni ndi amesenjala, kungoti anamwalira.

Ndinalingalira masiku angapo. Kodi munthu ukagogoda umayenera kuima nthawi yaitali bwanji? Ukachoka msanga umasiya mwini nyumba akufunafuna nsapato. Ukakhalitsa, agalu amayamba kukuyesa wapabanja. Ndinasankha nthawi yomwe tiyi amatenga kuti afiire m'kapu. Ikakwana popanda yankho, kadule foni.

Kanagwira ntchito bwino. Abwana anandigwira chanza, nati, "Very good. Tsopano za ku Limbe zija basi, muzingokhala pampando." Ndinathokoza. Ndili panjira yopita kunyumba, pakati pa mizere ya tiyi, m'pamene ndinazindikira kuti ndadula ndekha nthambi yomwe ndinakhalapo.

Patapita masabata ndinatulukira kuti ukalowa m'kompyuta ya ku Limbe utha kulembera munthu amene ali pa makina kumeneko. Ndinataipa kuti, "Ndine wa disiketi uja. Ndili nanu mawu." Ndinadikira. Tiyi anafiira, kapulogalamu kanadula foni monga ndinakaphunzitsira. Mawa lake ndinawonjezera nthawi, mkuja ndinawonjezeranso, mpaka akazi a abwana anadandaula kuti foni ya pa esiteti yagwidwa ndi mizimu, ikungolira ngati mphaka.

Yankho linabwera ndi adalaivala a lole, atatsamira pa windo la ofesi.

"Akalaliki, achemwali aja akuti zolemba zanu akumaziona."

"Ndiye osayankha bwanji?"

"Akuti kwawo odi wopanda mapazi sayankhidwa. Munthu amabwera ndi fumbi lake, ndi amalume ake. Nanga inu mumafuna mukwatire pa waya ngati mbalame?"

Tinapita kwa Khwethemule ndi amalume, mtsikanayo atabwera ku tchuthi. Tinapanga odi. M'nyumba munali zii, ngakhale katani inkagwedezeka. Tinaima mpaka mthunzi wa mpeyala unatidutsa, amalume n'kumera imvi zitatu zomwe anapita nazo kumanda. Iwo anati tizipita. Ine ndinati tidikire pang'ono, mwina akufunafuna nsapato.

Mpaka lero mayi a kunyumba amanena kuti ankafuna aone ngati nanenso ndimadula foni tiyi akafiira.