Maliro Amene Anatuluka mu Sipika

Ndinali kuseri kwa nyumba ndikuyanika mpunga, manja akugwira ntchito koma maso osaona kanthu, pamene mayi wina wogulitsa matemba ku Kachulu anatsika pa kabaza njinga isanaime bwino. Anati, "Anganga, siyani zimenezo. Mwana wanu ali padoko, akudya chigumu." Ndinamufunsa ngati wamuona yekha kapena wachita kumva. Anati wamuona, wamugwira dzanja, waonda koma ndi yemweyo. Ndinakhala pampunga pomwepo, nkhuku zikujompha m'mbali mwanga, ndipo sindinaziingitse. Ndinati idyani, idyani, lero kulibe wothamangitsidwa pakhomo pano.

Chimene chinandikhazika pansi chotero chinayamba ndi mdzukulu wanga ndi zida zake.

Ndi mwana wa mwana wanga wamkazi, ndipo ndimakhala naye. Atamaliza Folomu 4, anzake ena anakwatiwa, ena analowa m'munda, iye anati adzakhala wojambula nyimbo. Amayi ake anamutumizira kompyuta ya kaunjika yothyoka pangodya kuchokera ku Limbe. Zina zonse ankaphunzira pafoni, ataima pachulu pamene netiweki imagwira, khosi litapindika ngati kakowa. Dzinja lonse anaokera mpunga wa anthu ku sikimu ya Likangala, msana padzuwa, miyendo m'matope, kuti agule zotsalazo. Zinali zitatu: maikolofoni yoimbirapo, mahedifoni ovala m'makutu, ndi sipika. Ndalama zimene anapeza zinkakwanira ziwiri zokha.

Ku Zomba anapita ndi atsibweni ake, mwana wanga wamwamuna womaliza. Iyeyo ndi msodzi. Amakakhala pa zimbowera, timisasa tomangidwa pa udzu woyandama pakati pa nyanja ya Chilwa, amawamba nsomba komweko, ndipo amatuluka akadzaza madengu. Anabwerako pa minibasi akukangana, n'kudzamalizira mkanganowo pakhonde panga.

"Anganga, atsibweni andiumiriza," anatero mtsikanayo. "Ine ndimafuna mahedifoni. Wophunzira amafunika kumva zolakwa zake yekha."

"Nyimbo yomvera wekha m'makutu ngati mfiti?" anatero atsibweni ake. "Gula choti anthu amve. Ukadzatchuka ndidzanena kuti sipikayi ndinaisenza ndine."

"Iyi ndi ya pachinkhoswe, si ya mu situdiyo."

"Situdiyo yako ndi chipinda chosungira mpunga cha amayi anga. Usandiopseze."

Sipikayo inali yaikulu ngati ndowa, yakuda, yokhala ndi batire lake m'mimba.

Chipindacho anachiveka. Anapachika mabulangeti anga m'makoma, mphasa kuchitseko, masaka kudenga, ati malata amabweza mawu. Atatha kutero anandiitana ndiimbe nyimbo ya pamtondo. Ndinaimba. Anakhudzakhudza kompyutayo, ndipo mawu anga anatuluka ngati ndili ndekha m'tchalitchi chopanda anthu. Anati chimenecho ndi rivebu. Anakhudzanso, mawuwo anayamba kudzibwereza, ine kutsogolo, ine pambuyo, inenso kutali. Anati chimenecho ndi eko.

Ndinati, "Iwe, mlendoyu wamuthamangitsa ndi mabulangeti anga, ine ndikugona ndi chitenje. Ndiye ukumuitananso?"

Anati, "Wa kudengayo amabwera yekha, samva. Uyu ndimamuuza ine pamene aime."

Ndinaseka pang'ono chabe. Munthu sunazolowere kudzimva uli kunja kwa thupi lako.

Ankadandaula kuti nyimbo zanga zimathamanga. Ati eko imapunthwa, mawu amakwerana ngati mbuzi zotuluka m'khola. Ankafuna nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, yokoka mawu, yosiya mpata. Ndinamuuza kuti zokoka mawu zimene ndimadziwa ine ndi za maliro, ndipo za maliro timazisiya kumene taziimba. Tikabwerako timasamba, nyimbo n'kutsalira m'madzimo. Sitilowa nayo m'nyumba imene onse ali moyo, chifukwa nyimbo yotere ikaimbidwa imafuna mwini wake. Amayi anga anandiuza choncho, iwonso anauzidwa ndi amayi awo amene anachokera kuseri kwa nyanjaku. Mtsikanayo anati wamva.

Mpunga ukucha, mnzanga wa mudzi woyandikana nafe anataya mwana wake wamwamuna. Ndinakhala pambali pake, ndinamugwira mapewa, ndinalira naye mmene timalirira. Nditabwerako ndinasamba bwinobwino. Koma pakhosi sipasambika. M'mawa mwake ndikusankha miyala mumpunga pakhomo pa chipinda chija, kulirako kunatuluka kokha, motsitsa. Mwana wanga ine, mwana wanga, ndani adzanditsekera chitseko. Sindinadziwe kuti maikolofoni inali yoyatsa. Mtsikanayo ankaiyesa, inandigwira, ndipo sanandiuze. Pambuyo pake anati ankafuna angophunzirirapo kenako afufute.

Nthawi imeneyo mwana wanga anali panyanja. Mwera unali utayamba, ukuwomba usana, ukuwomba m'mawa, osapuma. Amakonda kuimba foni akapeza potchajira, koma ulendo uwu foni inali zii. Mkazi wake anali atabwera kudzafunsa ngati waimba kuno. Ndinamuuza kuti asodzi ndi choncho, koma atapita ndinakaima pachulu paja ndi foni m'manja.

Tsiku lina ndinali ku sikimu kuingitsa mbalame. Dzuwa litafika pamutu ndinamanga mtolo wa nkhuni n'kuyamba ulendo wobwerera. Nditafika pamtengo wa mango wa pokhota msewu ndinamva kulira. Amayi ambiri, wina kuyamba, ena kulandira, ena kulandira kutali. Kunkachokera mbali ya kwathu. Ndinayenda. Kulirako kunakula. Ndinamva kuti mwana wanga ine, mwana wanga. Mawuwo ndinkawadziwa koma sindinawazindikire. Kenako ndinaona masamba pamsewu, nthambi zaziwisi zoyalidwa mbali iyi ndi mbali iyo ya njira yolowera kwanga, monga timachitira kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta.

Pabwalo panga panali anthu. Amayi atakhala pansi miyendo itatambasulidwa, abambo ataunjikana pansi pa mtengo zipewa m'manja. Mayi wina anabwera n'kunditula mtolo. Wina anandigwira m'chiuno. Anati, "Pepani, anganga."

Ndinati, "Ndani?"

Anayang'anana. Panalibe amene ankadziwa. Aliyense anangomva kulira n'kusiya khasu. Wina anati motsitsa, "Ife timaganiza wa kunyanja uja."

Sindikumbukira kugwa. Ndimakumbukira dothi m'kamwa, ndi kulira kuja kukupitirira pamwamba panga, kuyamba, kutha, kuyambanso pomwe paja, osapuma mpweya. Ndi zimenezo zimene zinandidzutsa. Palibe mayi amene amalira osapuma mpweya. Ndinati tsegulani chitseko icho.

Panalibe amene anachikhudza chiyambire. Ankati m'katimo muli achibale akukonza thupi, ndipo pachitseko chotere mlendo salowa asanaitanidwe. Mkazi wa a shehe, amene timagawana naye mpanda, ndiye anakankha. Anapeza mdzukulu wanga atapereka msana kuchitseko, akugwedeza mutu, chala chili pa kompyuta. Sipika anali ataiika pazenera kuloza kunja, chifukwa ikayandikana ndi maikolofoni imalira mluzu wobaya m'makutu. Mabulangeti aja anamutsekera phokoso la anthu. Iye ankangowonjezera eko, kuchepetsa, kuwonjezera, kumvetsera ngati mayi mmodzi angamveke ngati gulu. Zinatheka. Mudzi wonse ndi mboni.

Mtsikanayo anazimitsa sipika. Pabwalo panangoti zii, mwera wokha m'malata.

Abambo ena anaseka, anavala zipewa, anati ana a masiku ano. Amayi akuluakulu sanaseke. Mmodzi, amene amasambitsa mitembo m'mudzi mwathu, anadzuka akukutumula chitenje. Anati, "Maliro mwalira. Masamba mwayala. Anthu asonkhana. Chatsala ndi chimodzi." Kenako anapita.

Mpongozi wanga anafika akuthamanga, mpango uli m'manja, chifukwa uthenga unali utayenda kale pa kabaza mpaka kwawo, mpaka ku Kachulu. Anamuuza kuti ndi makina chabe. Anandiyang'ana, mwana amene sanandiyang'anepo m'maso chikwatiwire. Anati, "Amayi, mwawalira amuna anga ali moyo?" Mawuwo anali angadi.

Masamba aja ndinakatola ndekha. Ndinaima nawo m'manja osadziwa kowataya. Kumbali ya kunyanja ayi. Kudzala la pakhomo ayi. Ndinakawakankhira m'dzenje la njerwa kutali ndi nyumba.

Madzulo ake mtsikanayo anandikhazika pafupi ndi kompyuta. Anandionetsa mawu anga, atajambulidwa ngati minga ya nsomba, ina pansi pa inzake. Anati, "Uwu wapamwambawu ndinu. Enawa ndi mithunzi yanu." Anachotsa eko, gulu lija linatha. Anachotsa rivebu, tchalitchi chija chinatha. Panatsala mayi mmodzi wokalamba, mpunga ukusokosera m'lichero, tambala akulira kumbuyo. Iye ankaganiza kuti ndikamva kuti ndi ine ndekha mtima ukhala pansi. Unakwera. Gulu lija linali bodza la makina, koma uyu anali ine weniweni, pakhomo panga, ndikuti mwana wanga.

Ndinati fufuta. Anafufuta ine ndikuona.

Ndinati, "Nanga imene yalowa m'makutu mwa anthu?"

Anayamba kulira.

Masiku otsatira sindikufuna kuwawerenga. Mtsikanayo anafunditsa zida zake chitenje. M'mawa uliwonse ankapita ku Kachulu, kuima m'matope a padoko, kufunsa bwato lililonse lofika. Ine ndinasiya kuimba, ine amene ndimaimba poitana nkhuku, ndimaimba potukwana mbuzi. Kutchalitchi ndinkangoyendetsa milomo. Ndinkaopa pakamwa panga ngati mmene umaopera galu wako amene analumapo munthu. Njinga ikachepetsa liwiro pamsewu, mtima unkaima. Foni ikalira ndinkapatsa wina ayankhe. Amayi pachitsime ankandipatsa moni wofewa kwambiri, moni umene timapatsa amasiye.

Kenako asodzi ena anatuluka n'kunena kuti anadutsa pamene panali chimbowera cha mwana wanga, ndipo panalibe kanthu. Madzi okha. Udzu wonse ndi kamsasa komwe zinali zitachoka. Mtsikanayo anabwera nazo zimenezi, anakhala pansi kutali ndi ine, anati agulitsa zonse, maikolofoni, sipika, kompyuta, sadzakhudzanso. Ndinati, "Ukagulitsa ndiye abwera?" Sindinanene mokalipa. Ndinkafunadi kudziwa, chifukwa akanati inde ndikanazisenza ndekha mpaka ku Zomba.

Ndiye mayi wa matemba uja anafika pa kabaza.

Mwana wanga anabwera dzuwa likupendeka, wapansi, anthu akumutsatira ngati mkwati. Milomo itang'ambika, manja atachekekachekeka. Anati mwera unadula udzu umene anamangapo, n'kuwakankha iye ndi anzake usana wonse mpaka m'mabango a mbali ina, mabango n'kutseka njira kumbuyo kwawo. Foni inamwa madzi. Anadya nsomba zopanda mchere, akudula njira ndi zikwanje pang'onopang'ono, kukoka bwato ndi manja pamene madzi anachepa. Atafika padoko anadabwa kuona anthu akubwerera m'mbuyo, wina mpaka anataya beseni.

Anagwada patsogolo panga. Anati, "Amayi, ndamva kuti ndinamwalira. Bwanji osandidikira ndidzathandize kukumba?"

Ndinamumenya paphewa, ndinamugwira mutu, ndinamununkhiza. Ankanunkha utsi ndi matope, fungo la munthu wamoyo. Mdzukulu wanga anaima kuseri kwa nkhokwe akuopa kuyandikira. Atsibweni ake anamuona. Anati, "Tabwera kuno, iwe wopha anthu. Akuti zinamveka mpaka kuchigayo?" Mtsikanayo anavomera ndi mutu. Atsibweni ake anati, "Ndiye ukulira chiyani? Ntchito waidziwa. Ukangophunzira kupempha kaye eni mawu." Mtsikanayo anaseka ndi mamina omwe.

Pakhosi panga panatseguka pokha. Sindinasankhe nyimbo, inangobwera yothamanga, ya m'chiuno, ndipo amayi analandira ndi pakamwa pawo penipeni, akupuma mpweya, akulakwitsa, akuseka. Amene anabwera tsiku lija ndi nkhope zakugwa anabweranso, ndipo ndiwatchule onse. Mpongozi wanga anabwera ndi amayi ake, anandigwadira, ndinamudzutsa. Mkazi wa a shehe anabwera ndi tiyi m'ketulo, a shehe eni ake kumbuyo. Mayi wosambitsa mitembo anabwera, anagwira mwana wanga patsaya nthawi yaitali, kenako anavina. Abambo amene anadula masamba aja anabwera akukanirana kuti anayamba ndani. Anabwera a kwaya, anabwera a kabaza, anabwera mwini chigayo ufa uli m'nsidze. Anzake a mwana wanga a pachimbowera anabwera ndi akazi awo. Mayi wa matemba, mlongo wanga wa ku Likangala ndi ndodo yake, aphunzitsi opuma a kuseri kwa dambo. Ndipo mnzanga wa mudzi woyandikana uja, amene mwana wake sanabwerere, anabweranso, anakhala pambali panga, n'kumawomba m'manja.