Njinga ziwiri panjira ya ku Shikabeta

Amuna anga anali kalaliki paboma pa Rufunsa. Chaka chimene mwana wathu wotsiriza anapita kusukulu yogonera konko, anatenga tchuthi kuntchito, nati tikaone dziko panjinga. Sunali ulendo wa kumaliro kapena wa kuchipatala, kunali kungoyenda basi. Aneba anatiseka, poti kwathu munthu sapalasa njinga mtunda wautali popanda thumba la makala kapena la chimanga kumbuyo. Ine ndinavomera, chifukwa chikwatiwire ndinali ndisanayendepo ulendo wopanda vuto kutsogolo kwake.

Tinanyamuka mwezi wa Okutobala, titamangirira bulangete, pampu, mtedza wokazinga ndi chigubu cha madzi aliyense. Pamsewu wa tala tinayenda bwino, ngakhale mphepo ya malole inkatikankhira m'mbali. Tinagona kwa anzathu pafupi ndi Mpanshya, m'mawa mwake n'kulowa njira yafumbi yopita ku Shikabeta.

Midzi inayamba kutalikirana. Pokwera mapiri tinkakankha njinga, potsika mabuleki ankalira. Pamalo ena otsetsereka chigubu changa chinadumpha n'kusweka pamwala, madzi onse n'kumwerera m'fumbi tikuona. Dzuwa litafika pamutu, tayala lakumbuyo la amuna anga linaphulika. Chubu chinang'ambika moti panalibe pomata.

Iwo anali ndi matenda a shuga. Mankhwala anali atamwa m'mawa, koma maswiti amene ankayenda nawo anatha m'mapiri muja. Tikukankha njinga, ndinaona kuti akuyenda ngati oledzera. Malaya anali atanyowa, manja akunjenjemera.

"Abambo, mukumva bwanji?"

"Palibe kanthu, amayi. Tiyeni."

Sanapite patali. Anakhala pansi pakati panjira, nayamba kundifunsa ngati ndatseka mawindo a ofesi. Ndinawakokera pamthunzi wa kamtengo, ndinawamwetsa madzi otsala. Mtedza anangoulavula. Ndinakuwa kuitana anthu mpaka mawu anasasa, koma kunkangomveka nyenje. Foni inalibe netiweki. Ndinakwera pachulu nditaikweza m'mwamba ngati wamisala, osaphula kanthu.

"Ndikupita kukafuna anthu," ndinawauza.

Anagwira chitenje changa. "Musandisiye kuno."

Pa ukwati wathu wonse anali asanandipemphepo kanthu ndi mawu otere. Ndinamasula zala zawo chimodzichimodzi, ndinawagoneka cham'mbali, ndinakoleka bulangete panthambi kuti dzuwa lisawawombe kumaso. Ndinakwera njinga osacheuka, chifukwa ndikanacheuka sindikanapita.

Ndinapalasa ndikulira, koma misozi sinkatuluka. Lilime linali litauma ngati chikopa. Nditaona madenga a udzu ndinathamangirako, koma unali mudzi wosiyidwa, zitseko palibe, nkhokwe itagwa. Pamchenga ndinagwa, bondo n'kusupuka. Ndinkapemphera mokweza, mawu osalongosoka, kwinaku ndikuganiza zimene ndikawauze ana ngati ndikawapeza bambo awo atazizira.

Kutsidya kwa mtsinje wouma ndinaona dimba lobiriwira. Munali mayi wina wamsinkhu wanga, akuthirira repu ndi madzi a pachitsime chokumba mumchenga. Anandilonjera m'Chisoli, chilankhulo cha kumeneko, ine osatha kuyankha bwino. Ndinangogwada.

"Amuna anga akufa panjira. Ndikufuna chotsekemera, chilichonse."

Anandiyang'ana kamodzi, n'kutaya chothiririra. Pansi pa nthochi anali ataika chigubu cha munkoyo wothira shuga, chakumwa chonga thobwa. Anaitana amuna ake amene ankamanga mpanda chakumunsi, anawauza mwachidule, iye n'kukhala pakaliya ya njinga yanga chigubu chili pamiyendo. Mphamvu zopalasira anthu awiri pamtunda uja sindidziwa kumene ndinazitenga.

Tinawapeza amuna anga maso ali pang'ono, nyerere zikuyenda pamkono. Nditawaitana anangobuula. Mayi uja anawadzutsa mutu n'kuutsamiritsa pachifuwa pake, ine ndikuwapaka munkoyo m'kamwa ndi chala. Atameza koyamba tinayamba kuwamwetsa pang'onopang'ono ndi chivindikiro. Panapita nthawi yaitali, kenaka anatsegula maso, nayang'ana mayi wachilendoyo, nayang'ana ine.

"Kodi alendowa mwawapatsa mpando?" anafunsa.

Mayi uja anaseka mpaka kugwira pamimba. Ine ndinakhala pafumbi n'kulira zenizeni.

Amuna ake anafika ndi anzawo awiri. Anawakhazika amuna anga panjinga yanga, wina atagwira chiwongolero, ena atawachirikiza m'mbali, n'kuwakankha mpaka kukachipatala kakang'ono ka kuderako. Namwino anawasunga mpaka anayamba kudya bwino ndi kuyenda okha. Ine ndinkagona kwa mayi uja, masana ndikumuthandiza kutunga madzi a kudimba. Zolankhula zathu zinali zosakaniza Chinyanja, Chisoli ndi manja.

Tinabwerera pa galimoto ya ogula mbuzi, njinga zathu zitamangidwa pamwamba. Njira yonse amuna anga anali atagwira dzanja langa, mbuzi zikutiponda mapazi. Titafika pamsewu wa tala anapempha dalaivala kuti aime pagolosale. Anatsika okha, nabwera ndi paketi ya shuga ndi mchere, nampatsa dalaivalayo kuti akadzapitanso njira ya ku Shikabeta akasiye padimba la kutsidya kwa mtsinje wouma.