Agnesi Winayo

Fungo la mankhwala otsukira mabala likandipeza, ndimakumbukira ba Agnesi, namwino amene anathandiza amayi pondibereka ku Mpanshya. Amayi ananditcha dzina lawo powathokoza. Tikapita kuchipatala ba Agnesi ankandinyamula, n'kumati "dzina langa," kenako n'kundipatsa chitumbuwa chokulunga m'pepala. Ine ndinkayesa kuti dzinalo ndi la ife awiri basi.

Tsiku lina tili pamzere wa katemera ndinamva, "Bwera kuno, dzina langa!" Ndinathamanga. Ndinawapeza atanyamula kamtsikana kena ka mamina, chitumbuwa chili kale kukamwa.

"Amayi, uyu waba dzina langa!"

"Khala chete iwe," anatero amayi. "Ameneyo ndi Agnesi wa ku Chinyunyu. Uja wavala zofiira nayenso ndi Agnesi."

Chitumbuwa changa ndinachikana, ngakhale malovu anali atadzaza m'kamwa. Pobwerera panjinga ndinalira njira yonse kuti andisinthe dzina.

Lero ndikudziwa kuti Agnesi aliyense pamzere uja anali mwana amene anatuluka wamoyo m'manja mwa namwinoyo. Komabe ndikakumana ndi Agnesi wamsinkhu wanga, ndimayamba ndafunsa kumene anabadwira. Akati ku Mpanshya, mtima umandiwawabe.