Paipi ya Kuseri kwa Nyumba ya Magalasi

Mwana wanga woyamba anabwera kwathu ku Chiputula tsiku lina, foni ili m'manja.

"Amama, taonani nyumba iyi. Akuigulitsa kunyanja, kwanu kwenikweni. Mukavomera ndigula, mukapumire kumeneko. Kuzizira kwa Mzuzu kwakutherani mawondo."

Ndinayang'ana. Nyumba yoyera mbee, kumaso kwake magalasi okhaokha ngati sitolo ya nsapato. Ndinati tiye tikaione ndi maso, za m'foni ine ayi.

Tinatsetsereka msewu wa ku Nkhata Bay m'mawa, makutu ali gwa. Wogulitsayo, bambo wa jekete padzuwa lonse lija, anatiuza tivule nsapato pakhomo. Pansi matailosi oterera, ine kumayenda ngati bakha. Zimbudzi zitatu m'nyumba imodzi! China chitseko chake chayang'anizana ndi pophikira.

"Agogo, apa muzisamba mukuona nyanja," anatero akuloza zenera.

"Nanga a m'bwatowo akhala atatsinzina?"

Anaseka, nkutembenukira kwa mwana wanga, nkuyamba Chingerezi chawo. Ine ndinatenga patapata wanga nkuzungulira kuseri, chifukwa malo amenewo ndi kumene ndinakulira. Kunsi kwa thanthwe kuli timadziwe momwe amayi athu ankaviika chinangwa. Mng'ono wanga, amene anatsala kumudzi, amaviika momwemo mpaka lero, ndipo ufa wa kondowole umene amanditumizira pa minibasi umachokera pamenepo.

Fungo la chinangwa choviika ndinakula nalo. Ndi lowawasa, loitana njala. Limene linandichingamira tsiku limenelo silinali ilo ayi. Pansi pa mpanda wa nyumba ija panatulukira paipi yakuda, ikuchucha madzi otuwa a m'zimbudzi zija, ntchentche zobiriwira zili pikitipikiti. Madziwo amakwawa pathanthwe pang'onopang'ono, nkulowa m'dziwe loyamba, momwe chinangwa chinali mbuu.

Ndinakumbukira adzukulu anga akunyambita zala. Ndinakumbukira amayi a kumpingo amene ndinkawagawira ufawo m'timapepala, ndikudzitama kuti kondowole wa kwathu sangafanane ndi wa mumsika. Ndinagwira mpanda nkusanza tiyi yense.

"Akulu, mwabwera osandiuza?"

Anali mng'ono wanga, beseni pamutu, nsalu yanyowa mpaka m'chiuno.

"Iwe, ukuona chimene chikulowa m'madzi mwakomu?"

Anatula beseni, osandiyang'ana. "Ndimaona. Lero ndi pang'ono. Mukanabwera eni ake ali ndi alendo, imachita kuthamanga."

"Ndiye umanditumizira ine zimenezi? Ine mkulu wako?"

"Chanu ndimaviika m'dziwe lakumapeto lija, ndipo ndimachitsuka kawiri." Anapukuta kumaso. "Ndikaviike kuti? Kumtunda anamanga mpanda, kumunsi anamanganso. Tinakadandaula, anatiyankha kuti mwini wake ali kunja."

Ndinamuuza kuti nyumba imeneyo mwana wanga akufuna kundigulira, koma ine phazi langa silidzapondamonso. Munthu ungagone bwanji pamwamba, m'bale wako akudya za pansi pako?

Pamenepo anandigwira dzanja, mwamphamvu, zala zake zili zii ndi madzi.

"Akulu, musakane. Chonde chomene. Mukakana igulidwa ndi wina wosatidziwa, paipi ikhala pomwepa. Akagula mwana wathu, ndimugwira khutu ndekha mpaka akumbe dzenje la zonyansazi kumtunda."

Ndinayang'ana nyumbayo, magalasi ake akuthwanima ngati sakudziwa kanthu.

Ndinabwerera kukhonde. Mwana wanga anandiona nkhope. "Amama, simunaikonde?"

"Ndaida," ndinatero. "Ndaida kuyambira padenga mpaka pansi. Gula."

Wa jekete uja anaomba m'manja. "Yewo, agogo, yewo chomene!"

"Musandithokoze, bambo. Iwe mwana wanga, vala nsapato unditsate kuseri, ukaone chimene uyambe kukonza usanagule ngakhale mpando umodzi. Ndipo utseke mphuno."