Gitala ya kuseri kwa masipika

Achimwene anga a Orval Pruchnik anagwira ntchito ndi gulu loimba la Copper Mule zaka makumi awiri ndi zitatu, koma pa zithunzi zonse za gululo simungawapeze. Ntchito yawo inali ya magitala: kusintha nsambo, kuchuna, kupukuta thukuta la eni ake, kuthamangira ndi gitala ina nsambo ikaduka nyimbo ili mkati. Anthu a ntchito imeneyi amavala zakuda kuyambira chipewa mpaka nsapato, ndipo lamulo lawo ndi lakuti oonera asakuone. Achimwene analisunga lamuloli mpaka kunditopetsa.

Mu 1978, kutatsala masiku awiri kuti gululo likaimbe ku Cleveland, woimba gitala wawo, Lonnie Draves, anadzipana zala ndi chitseko cha galimoto ataledzera. Matikiti anali atatha, ojambula atafika kale ndi makamera awo. Ndiye a gululo anapangana. Lonnie anaima kutsogolo ndi gitala yosalumikiza ku masipika, kumakwinya nkhope ndi kupukusa tsitsi, pomwe achimwene anakhala pabokosi kuseri kwa masipika n'kuimba chigawo chonse chovuta cha gitala cha m'nyimbo yawo ina, mphindi zisanu ndi ziwiri. Chigawo chimenecho n'chomwe chinatchukitsa gululo. Lonnie anagula nyumba ziwiri. Achimwene anapatsidwa botolo la mowa ndi mawu akuti atseke pakamwa.

Anatsekadi. Pabanja pathu tinkadziwa ndife awiri, ine ndi malemu alamu anga. Ana awo ndi adzukulu ankangodziwa kuti agogo ankanyamula mabokosi a anthu otchuka.

Chaka chatha kunabwera anthu opanga filimu ya mbiri ya gululo. Apa n'kuti achimwene ali ndi zaka 74, manja akunjenjemera moti khofi amamwera m'kapu yosadzaza.

"Mlongo, ndiwauze?" anandifunsa.

"Nanga mukusungira ndani, achimwene? Mukufuna mukauze akumanda? Akulimani pamsana zaka zonsezi, basi zakwana."

"Iwe pakamwa pakopo. Sindikufuna ndewu ine. Ndingofuna anawa adziwe kuti manja awa anagwirapo kanthu."

Opanga filimuwo anakhala nawo m'khitchini mwawo kuno ku Toledo maola asanu ndi limodzi. Mkulu wa filimuyo, Corwin, mwamuna wa ndevu zopesa bwino, anatha mbale ziwiri za mapirogi, timitanda ta ufa toikamo mbatatesi, amene ndinaphika ndekha, akupukuta misozi.

"Bambo Pruchnik," anatero, "nkhani yanuyi ndiye mutu wa filimu yonse. Zikomo potikhulupirira."

Ine ndinamuwonjezera mbale yachitatu. Mpaka lero mbale imeneyo imandiwawa.

Filimu inatuluka m'mwezi wa Okutobala. Achimwene anagulira matikiti banja lonse, anthu khumi ndi anayi, a Lamulungu masana. Anagula malaya oyera, ndipo mabatani ndinawamangira ndine.

M'holo ya kanema tinadikira ola lathunthu tikuonera anthu olemera akuyamikirana. Kenako anaoneka Lonnie, tsitsi lopaka mankhwala, atakhala pambali pa dziwe lake losambiramo.

"Ndinaimba ndi zala zothyoka," anatero m'maso muli gwa. "Ululu umenewo ndi womwe unatulutsa nyimbo ija."

Pomwepo nkhope ya achimwene inadzaza chinsalu chonse. Adzukulu anakuwa, "Agogo! Agogo!" Pansi pake analemba dzina lawo ndi mawu akuti wonyamula katundu. Ndipo achimwene a m'filimuwo anati, "Zala anapanidwadi, ndinaona ndi maso anga. Sakanatha kugwira ngakhale supuni."

Anawadula pomwepo. Pa maola asanu ndi limodzi anatolapo mawu awiriwo, n'kuwasandutsa mboni ya bodza la Lonnie. Kuwasiya kunja kukanakhala bwino. Uku kunali kuwabera kachiwiri, pamaso pa ana awo, pogwiritsa ntchito pakamwa pawo pomwe.

Nyimbo ya ku Cleveland ija inayamba, Lonnie akupotokola thupi ndi gitala yake yosalira. Ine mutu unatentha. Ndinaimirira kuti ndiuze holo yonse, aliyense amve, andituluse akafuna. Achimwene anandigwira mkono.

"Khala pansi, mlongo."

"Ndikhale pansi? Simukuona zimene akuchitani anthuwa?"

"Ndaona. Koma tangokhala chete pang'ono, ndikumvetsera."

Ndinakhala. Mphindi zisanu ndi ziwiri zonse achimwene sanaphethire. Filimu yakale ya tsiku lija anali asanaionerepo, ankaizimitsa ikangoyamba. Chigawocho chitatha, holo yonse inaomba m'manja, ana awo omwe, kuombera Lonnie.

Achimwene anatsamira kwa ine n'kunong'ona.

"Kuseri kuja ndinkangomva phokoso la ng'oma. Kani kutsogolo kunkamveka chonchi? Mlongo, ndinkatha eti?"

"Munkatha, achimwene," ndinatero, ndipo sindinanong'one.