Mutu wa Ampu ya Mlongo Wanga

Ampu ya mlongo wanga, makina okuzira mawu a gitala yake, inali ya zigawo ziwiri. Pansi panali chibokosi cha sipika chofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo pamwamba pake pankakhala kabokosi kena kolemera, kokhala ndi mabatani ndi kabowo kolowetsa waya wa gitala. Kabokosi kapamwambako oimba onse amakatcha mutu. Ifenso tinkangoti mutu, osaganizapo kanthu.

Anaigula kwa gulu lina loimba lomwe linkasangalatsa antchito ku Indasitiriyo, dera la mafakitale kwathu ku Kafue, pa nthawi imene mafakitale anayamba kuchotsa anthu ntchito ndipo gululo linamwazikana. Inali yakalekale, ya mavavu, timabotolo tagalasi tomwe tinkayaka mofiirira kuseri kwa kazitsulo ka kumbuyo. Anzake anali atasamukira kale ku maampu opepuka onyamula ndi dzanja limodzi, koma iye ankati amenewo amalira ngati munthu wachimfine.

M'gulu lathu iye ankaliza gitala ya besi, ine ndinkaimba. Tinkapita ku maukwati ndi ku makitcheni pate, ku Nangongwe, m'tauni, nthawi zina mpaka ku Mazabuka. Kukakhala pafupi, sipika inkakwera wilibala itayalidwa bulangete lomwe ankachotsa pabedi pake, mlamu wanga akudandaula. Mutu sunkakwera wilibala. Ankaunyamula yekha pachifuwa, thukuta lili kamukamu, ndipo ukati umulandire ankakuyang'ana ngati wapempha mkazi wake.

Tikafika ankalumikiza mawaya yekha, kenako n'kuyatsa n'kukhala phee kudikira kuti mavavu atenthe, eni ukwati akuyang'ana mawotchi. Anali ndi pedo imodzi yokha yosinthira mawu a gitala, yosuluka penti, yomwe ankaiponda atavula nsapato, ndipo pikapu ya pagitala, yomwe imatola mawu a nsambo, inali yomata ndi selotepi yakuda. Zonsezo zinkaoneka ngati zotola kudzala. Koma akangokhudza nsambo yoyamba, malata a holo ankanjenjemera, amayi ophika kuseri ankasiya miphika n'kubwera akuvina ndi mithiko m'manja. Ine ndikamaimba ndinkaima pafupi ndi sipikayo dala, chifukwa mawu ake ankandigwira kumsana, ndipo sindinkasokonekera.

Vuto la mlongo wanga linali loti sankafotokoza kanthu. Ukafunsa chifukwa chake waya uyu ayamba kulowa uyo asanalowe, yankho linali limodzi: "Osagwila." Mpaka lero ndimamukwiyirabe pa chimenechi, ngakhale kuti kukwiyira munthu amene anagona kale n'kudzitopetsa.

Anasiya ana aamuna awiri. Wamkulu anali wa mkazi woyamba, amene anachoka naye kupita ku Lusaka ali wakhanda ukwati utatha. Anakulira komweko, ndipo ku Kafue ankangobwera mwa apo ndi apo, kudya nshima n'kubwerera tsiku lomwelo. Wamng'ono anakulira m'nyumba momwemo muli ampu, anaphunzira besi pongoyang'ana zala za atate ake, koma naye batani loyatsira sanaligwirepo.

Mlongo wanga anadwala nthawi yochepa. Titaika maliro, amalume athu ochokera ku Katete, mlongo wa amayi athu, anatikhazika pansi pakhonde kuti tigawe katundu wa malemu monga timachitira. Ndinene poyera kuti amalume sanali munthu woipa. Anali ataona maliro ambiri kumene achibale amakokolola zonse n'kusiya mkazi wamasiye ndi mphasa yokha, ndipo anabwera atatsimikiza kuti kwathu zimenezo sizichitika. Nyumba ndi zonse za m'nyumba anasiyira mlamu wanga. Zovala anagawa mosamala, mpaka masokosi. Gitala, pedo ndi mawaya anapatsa wamng'ono, ndipo palibe anatsutsa.

Kenako anyamata anatulutsa ampu, mmodzi mutu, awiri sipika, n'kuziika pabwalo motalikirana. Amalume anayang'ana mabokosiwo, anayang'ana ana awiriwo, ndipo nkhope yawo inamasuka.

"Apa Mulungu watipeputsira ntchito," anatero. "Mabokosi awiri, ana aamuna awiri."

"Amalume, ichi ni chinthu chimozi," ndinatero ine. "Sivigabika. Mutu sungalile ngati palibe sipika, na sipika siingalile ngati palibe mutu."

"Wati chiyani, mwana wa mlongo wanga? Kaja kakang'ono dzina lake n'chiyani?"

"Mutu."

Anagwedeza mutu wawo pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti ndawapatsa ndekha chingwe chondimangira. "Ndiye nkhani yatha," anatero. "Mutu ngwa wamkulu. Ndiye mutu wa banja lino tsopano. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya."

Anthu anavomereza, ena mpaka anaomba m'manja mwaulemu. Ine ndinayesanso kufotokoza, mawu akukwera, mpaka mayi wina wachikulire anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti ndikuchititsa manyazi pamaliro. Ndinayang'ana wamng'ono kuti andithandize, koma iye anaweramitsa nkhope. Pambuyo pake anandiuza kuti sakanatha kulimbirana katundu ndi mkulu wake amene sanalandirepo kanthu kwa atate awo chibadwire.

Ndakhala ndikuganiza kambirimbiri kuti ndikanangoti kabokosi, kapena makina, amalume akanandimvera. Sanali ouma mtima. Kungoti mawu akuti mutu kwathu sagwa pansi chabe, ali ndi mwini wake. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa ndawadikira ndithu ndipo sanakome.

Wamkulu analandira mutuwo ndi manja awiri, ndipo anakwera nawo minibasi ya ku Lusaka atauika pamiyendo. Ine ndinkaganiza kuti sabata siitha asanaugulitse. Sipika inabwerera m'nyumba, ndipo posakhalitsa mlamu wanga anaiyala kansalu n'kuikapo TV. Wamng'ono ankalizabe besi kutchalitchi, waya ataulowetsa m'mikisa ya mpingo limodzi ndi mamaikolofoni a kwaya. Ankaliza bwino, koma mawu ake anali opyapyala, ndipo ndikakhala kumbuyo ndinkangoona zala zikuyenda. Gulu lathu linayesa kubwereka ampu kwa ena, koma sizinayende, ndipo aliyense anayamba kupeza zifukwa zosabwerera ku pulakatisi. Ine ndinabwerera ku tebulo langa la kapenta ndi tomato pamsika.

Mvula itatha, tsiku lina masana ndinangoona wamkulu uja ataima patsogolo pa tebulo langa, atanyamula chinthu chokulunga m'chitenje. Ndisanachione n'komwe ndinamva fungo la waya wopsa.

"Ba anti, chaleka kuyaka," anatero. "Chinachosa utsi, manje chili chabe zii."

Ndinamufunsa ngati anachilumikiza ku sipika ina. Anati ayi, analibe sipika, ndiponso analibe gitala.

"Nanga wenze kuchiyashila chani?"

Ndi munthu wamkulu, wa ntchito yake ndi banja lake, koma anayang'ana pansi ngati wagwidwa akuba shuga.

"Nenze kuyasha chabe nikachoka ku nchito," anatero. "Nenze kufuna kuona tuja tumabotolo twayaka. Vinali kununkha monga mu nyumba ya ba tate. Nenze kunkhala chabe pafupi, so."

Ndinasiyira mnzanga tebulo, ndipo tinapita kwa munthu wokonza mawailesi pafupi ndi siteshoni ya sitima. Anatsegula, ananunkhiza, anapima ndi mita yake, kenako anatiuza mosazungulira. Ampu ya mavavu siiyatsidwa popanda sipika. Mphamvu ikasowa kotulukira imabwerera m'kati, ndipo tsiku lina imadya thiransifoma. Anati yapsa mpaka m'kati, pamodzi ndi zina zoyandikana nayo, ndipo ya mtundu umenewo sakudziwa kumene ingapezeke. Akhoza kuikamo zamakono kuti bokosilo lizilira, koma sikhalanso ampu ija.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake mlongo wanga ankalumikiza sipika asanagwire batani. Mawu ochepa chabe akanakwana, akanatiuza tsiku lililonse tikukankha wilibala. Ndinamva chisoni chosakanikirana ndi ukali, moti ndinatuluka panja kukaima kaye. Mwanayo anandilondola n'kuyamba kupepesa, ndipo ndinamuletsa. Analakwa chiyani? Anapatsidwa chinthu pamaso pa abale onse, anachisamala monga ankadziwira, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anamuuza china.

Tinatenga mutuwo n'kupita nawo kunyumba ya malemu ku Nangongwe. Mlamu wanga anachotsa TV ndi kansalu kaja, ndipo wamkulu anaika yekha mutu pamwamba pa sipika. Wamng'ono anali pomwepo. Nditamufotokozera zomwe wokonza uja ananena, anangoti, "Yaba," n'kukhala pansi. Sanadzudzule mkulu wake ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanakalipa.

Panja ana ankasewera mpira, ndipo dzuwa linali likadali pamwamba. Kenako wamkulu anatembenukira kwa ine.

"Ba anti, ba tate benze kuliza bwanji?"

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Koma nditaganizira, zinali zoona. Masiku onse amene ankabwera anali masiku wamba. Sanapiteko ku ukwati uliwonse kumene tinkaimba, sanaimepo pafupi ndi sipika ija ikulira. Mavidiyo a pafoni omwe anthu ankajambula analipo, koma foni siigwira besi, umangomva ine ndikukuwa ndi ng'oma zikuphokosera.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufotokozere. Ine amene ndimasunga mawu a nyimbo zonse zomwe tinkaimba, ndinasowa choyamba nacho. Ndinati zinali zolemera, ndinati zinkamveka m'chifuwa, ndipo ndinaona pankhope pake kuti sindikumupatsa kanthu.

Wamng'ono anadzuka, analowa kuchipinda n'kubwera ndi gitala ija. Sanailumikize kulikonse, panalibe koilumikiza. Anakhala pampando n'kuyamba kuliza nyimbo yomwe atate awo ankalandirira mkwatibwi polowa m'holo, kalizidwe kawo komweko, mpaka paja atatewo ankachedwetsa dala kuti anthu asokonezeke sitepe. Besi yosalumikiza siimveka patali. Mlamu wanga anakatseka chitseko kuti phokoso la ana lichepe. Wamkulu anasendeza mpando wake, anasendezanso, kenako anachoka pampandopo n'kugwada pansi, khutu lake pafupi ndi nsambo.

"Bwezapo futi," anatero. "Sininamvele bwino."