Malaya Oyera a Weta

Ku hotela anzawo ankawatcha a Kolala. Dzinalo silinali lachipongwe kwenikweni. Mwa maweta onse, iwo okha ndi amene kolala ya malaya awo inkaima njo kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ngati yadulidwa pa katoni. Akafunsidwa chinsinsi chake ankangoti, "Ndi akunyumba amenewo," n'kupitiriza kupukuta mafoloko. Koma kuti akunyumbawo amachita chiyani, iwo sankadziwa. Mwamuna wotuluka kukucha n'kubwera miyendo ili lende, amene tsiku lopuma amakaperekeranso zakudya m'maukwati a eni, nyumba yake amaidziwa ngati mlendo. Amadziwa pogona, podyera ndi msomali wokolekapo malaya.

Akunyumbawo nawo anali ndi dzina lawo. Pamdadada wonse wa nyumba za lendi ankadziwika kuti Mayi Musataye. Chidebe chikabooka, "musataye." Lamba wa nsapato akaduka, "musataye." Anakulira m'manja mwa mayi wochapa zovala za anthu, m'nyumba ya ana ambiri yopanda bambo, ndipo anadziwa kugwira singano asanadziwe kulemba dzina lawo. Anzawo pamdadadapo ankawajeda kuti ndi ouma manja, ati munthu wotere ngakhale mthunzi wake akhoza kuupinda n'kuusunga. A Kolala nawonso, tinene zoona, nthawi zina ankachita manyazi akaona akazi awo akutola botolo limene wina wataya. Malipiro a weta sanali oti munthu n'kuyenda nawo chifuwa chili patsogolo, izi ankazidziwa, koma ankaganiza kuti mayiwa amangowonjeza.

Zinthu zinafika pa mwana wakana phala pamene ku hotela kunabwera manijala watsopano, mayi wa magalasi, wosaseka ndi munthu. M'mawa wina anandanditsa maweta onse pakhonde la kukhitchini, n'kuyamba kuyang'ana zikhadabo, nsapato ndi malaya. Atafika pa a Kolala anaima. Kolala ija inali chiimire monga mwa masiku onse, koma m'mphepete mwake munali mutaperepeseka, timaulusi tikusuzumira.

"Bambo, alendo athu sangadye akuyang'ana izi," anatero manijalayo. "Pitani kunyumba. Mawa mubwere ndi malaya atsopano. Mukalephera, musavutike n'kubwera, pali anyamata ambiri pageti."

A Kolala anafika kunyumba dzuwa lisanatenthe, mutu utaima. Anapeza akazi awo akusesa pakhomo.

"Mwadwala, bambo?"

Iwo anafotokoza zonse, kenako ananena zimene anaganiza m'njira. "Titenge ya lendi ija tikagule malaya. Eninyumba tikawapepesa."

"Eninyumba anatimvera chisoni mwezi watha, ndipo ananena kuti n'komaliza," anayankha Mayi Musataye. "Mukufuna tikagone panja mutavala malaya atsopano? Vulani, ndiwaone."

Mayiwo anatembenuza malayawo uku ndi uku pa dzuwa, akufwanthula msoko uliwonse ndi chala chachikulu. A Kolala anafunsa ngati sizingatheke kungotembenuza kolalayo, poti anamvapo kuti atelala amatero. Mayiwo anaseka pang'ono.

"Kutembenuza? Imeneyi ndinaitembenuza kalekale. Kolala imene munagula nayo malayawa inatha chisamba chathu chili ku pulayimale. Iyi ndinadula kumunsi kwa malaya omwewa, uku mumapisira mu thalauza."

"Nanga kumunsiko munaikako chiyani?"

"Nsalu ya pilo. Simunaone kuti mumagonera pilo wovala siketi yanga yakale?"

A Kolala anayang'ana kumunsi kwa malayawo. Zaka zonsezi ankavala malayawo tsiku ndi tsiku, osaona kanthu. Anakhala pa mpando wa pakhomo ngati mwana wobwezedwa kusukulu, ndipo poti analibe kopita, kwa nthawi yoyamba anaona mmene tsiku limayendera m'nyumba mwawo.

Mayi Musataye anatenga lezala lakale lometera, lomwe a Kolala ankayesa kuti linatayidwa, n'kuyamba kudula msoko wa kolala, ulusi umodziumodzi. Ulusi wautali ankausolola bwinobwino n'kuukulunga pa kamtengo ka machesi. Kolala yakaleyo anaiyala pa nsalu yoyera yakumunsi ija, n'kudula motsatira. Momwemonso anachita ndi mapeto a mikono. Ankasoka atafulatira dzuwa, singano ikulowa ndi kutuluka mofanana ngati mapazi a nyerere. Ntchito yonse inayenera kutha kukuwala, chifukwa magetsi a m'nyumbamo anali a kuwerenga kwa ana, osati a singano.

Koma singanoyo sinaimitse ntchito zina. Madzi amene ana anasambira m'mawa anali m'ndowa kudikira kuchapa. Otsala pochapa anakolopera m'nyumba, ndipo otsala pokolopa anapita kuseri, kumene tomato ankabereka m'zidebe zobooka zija za anthu. Tizibenthu ta sopo tinali mu sokosi yopanda inzake, ndipo sokosiyo inkachita thovu kuposa sopo watsopano. Masamba a tiyi a m'mawa anali pa chivundikiro padenga, kuuma kuti adzagwirenso ntchito. Masana ataphika mpunga, womwe unali womaliza m'thumba, mayiwo anazula makala amoto pa mbaula ndi supuni, n'kuwakwirira mumchenga m'chitini. Makalawo anazima osanyeka, kudikira madzulo.

A Kolala ankaona zonsezi pakamwa pali yasa. Ku hotela, chakudya chimene ankakokolola m'mbale za tebulo limodzi chikanadyetsa nyumba yawo mpaka mawa lake. Iwo ankayesa kuti banjali limayendera malipiro awo. Tsopano anaona kuti malipirowo ankangofika pakhomo, ndipo owasenza mpaka kumapeto kwa mwezi anali mayi awa a singano pakamwa. Anachita mantha, mantha aja munthu amachita akazindikira kuti wakhala akugona pafupi ndi chinthu chachikulu osachidziwa.

Manyazi anawatuma kuti athandizeko. Anapita kukatunga madzi kumpopi, komwe anakaima pamzere wa amayi okhaokha mpaka miyendo kuwawa. Pobwera anasesa pakhonde, anasanja mbale, ndipo ataona kabeseni ka madzi oyera mbuu, olendemera, pakona pa khonde, anati aonetse ukhondo wa ku hotela. Anakanyamula, nakhuthula madziwo mu ngalande, natsuka kabeseniko mpaka kuwala.

"Mayi, kabeseni aka kakhale pati?"

Mayi Musataye anadzutsa mutu. Anayang'ana kabeseniko, nayang'ana ngalande, singano itaima m'mwamba.

"Bambo, amene aja ndi madzi amene ndinatsanula mu mpunga uli pamoto. Ndi amene amaimitsa kolala yanu. Zaka zonsezi mumayesa imaima chifukwa chokuopani?"

A Kolala analakalaka nthaka itang'ambika. Mpunga unali utatha, ana anali atadya n'kubwerera kusukulu, ndipo kolala yopanda madzi amenewo ikanagona pakhosi ngati tsamba lofota. Anayamba kupepesa, koma akazi awo anangoti, "Madzi akatayika saoleka. Tandipatsani msomali ndi chivundikiro cha chitini icho."

Mayiwo anaboola chivundikirocho timabowo tambiri, mpaka kuseri kwake kunachita manomano. Kenako analowa m'nyumba natuluka ndi mbatatesi ziwiri, zomwe zinali ndiwo za madzulo. Anazisenda mopyapyala moti makoko ake ankaonekera dzuwa, nazipala pa chivundikiro chija, nafinyira zopalazo m'madzi kudzera pa kansalu. Atadikira kanthawi anatsanula madzi apamwamba mosamala. Pansi pa kabeseni panatsala ufa woyera, wosalala. Anauthira madzi otentha, ndipo unalendemera ngati a mpunga aja.

"Nanga ana adya chiyani madzulo?" anafunsa a Kolala ndi mawu otsika.

"Zomwezi," anatero mayiwo akuloza zopala zofinyidwa zija. "Ndi anyezi ndi tomato wakuseri, azinyambita zala. Makokowa ndi a nkhuku za aneba, amatipatsako dzira zikakondwa."

Malaya aja anawiritsidwa ndi sokosi ya sopo ndi makoko a mandimu, kolala ndi mapeto a mikono zinaviikidwa m'kabeseni, ndipo dzuwa litapendeka anayanikidwa pa chingwe. Apo m'pamene a Kolala anaona chimene chinasokedwa iwo ali kumpopi. Kumtunda malayawo anali oyera mbee, othobwa m'maso. Kumunsi, m'malo mwa nsalu ya pilo imene inasanduka kolala, kunali nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu, ikukupiza pamphepo.

Nsaluyo anaidziwa. Linali diresi limene anawagulira akazi awo chisamba chawo chitabadwa, tsiku lokatenga mayi ndi mwana kuchipatala. Ndi lokhalo limene mayiwo ankavala popita kutchalitchi kapena kukaonana ndi aphunzitsi a ana.

"Mayi, mwachitiranji zimenezi?"

"Zoyera zatha m'nyumba muno. Mumafuna ndidule chiyani, khoma?"

"Nanga inu muzivala chiyani potuluka?"

"Diresi silinafe, lafupika chabe. Inu mverani kuno. Mukapisire zolimba, lamba mumange bowo lomaliza, ndipo musakakweze manja. Zivute zitani, manja pansi."

Madzulo makala a mumchenga aja anaphika chakudya, kenako analowa mu simbi n'kusita malayawo.

M'mawa mwake, pamzere wa pakhonde la kukhitchini, a Kolala anaima manja ali pansi. Manijala anafika pa iwo, nayang'ana kolala, nayang'ana mikono, nagwedeza mutu n'kupitirira. A Kolala anapumira m'mwamba. Anagwira ntchito m'mawa wonse zigongono zitamatirira m'nthiti, moti mnzawo wina anawafunsa ngati atuluka chithupsa m'khwapa.

Tsoka silinunkha. Nthawi ya chakudya chamasana alendo anachuluka, matambula anatha, ndipo manijala anatembenukira kwa weta amene anali pafupi.

"Bambo, tsitsani matambula awo pa shelefu yapamwamba. Fulumirani."

A Kolala anayang'ana shelefuyo, nayang'ana manijala. Panalibe pothawira. Anakweza manja, ndipo maluwa achikasu anatumphuka mu thalauza, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Maweta achinyamata anaphulika nako kuseka, wina mpaka kugwira khoma. Manijala sanaseke. Anawakodola a Kolala kuti amutsatire pakhonde paja.

"Ndinati malaya atsopano."

"Munatero, madamu."

"Awa ndi atsopano?"

Bodza linali pafupi, koma maluwa anali panja. Ndipo a Kolala anadabwa kupeza kuti manyazi aja awathawa. "Ayi, madamu. Ndi omwe aja. Kolala yachokera kumunsi, ndipo kumunsiku ndi diresi la akazi anga. Kugula atsopano sitikanatha."

Manijalayo anasendera pafupi. Anapinda kolalayo ndi zala ziwiri, natsitsa magalasi, nayang'anitsitsa msoko wake kuyambira kumapeto mpaka kumapeto.

"Makina awa?"

"Manja, madamu."

"Liti?"

"Dzulo, dzuwa lisanalowe."

Chala cha manijalayo chinkayendabe pa msokowo. A Kolala ankamva mapoto akulira kukhitchini, n'kumaganiza za eninyumba ndi za anyamata a pageti. Potsiriza manijalayo anabwezera kolala m'malo mwake, naisalaza ndi chikhatho monga amachitira munthu pa chovala chake.

"Alendo amaona kolala," anatero. "Pisirani. Za pa shelefu yapamwamba azitsitsa anyamata aja, poti ali ndi mphamvu zosekera."

Poweruka a Kolala anapeza akazi awo pakhomo akusankha nyemba. Anali atavala bulauzi yobiriwira ya maluwa achikasu, mpendero wake watsopano utasokedwa kale, pamwamba pa siketi yakale. Mayiwo anayang'ana nkhope ya amuna awo, kenako m'chiuno.

"Munakweza manja."

"Ndinakweza."

"Ndiye?"

"Mawa ndikupita kuntchito."

Mayi Musataye anatseka maso kanthawi, manja ali mu nyemba. Kenako anapitiriza kusankha. "Vulani msanga, thukuta limadya nsalu."

A Kolala anali ndi mawu ambiri amene anawakonza m'njira yonse, koma anangovula monga anauzidwa. Anakoleka malaya pa msomali, nasamba m'manja ndi kumaso m'kabeseni kaja. Atatha anakanyamula kulunjika ku ngalande, ndipo atafika pamphepete anaima. Anabwerera nako pang'onopang'ono, atakagwira ndi manja awiri kuti dontho lisagwe.

"Mayi," anatero, "awa apite kuti?"